Tsiku Loyatsa Khutu

Zaka zinayi ndinasunga liwu limodzi
ngati ndalama yomanga pansonga ya chitenje,
yosamasula ngakhale njala ilume.
Ndinkati tsikulo likadzafika
ndidzangoti: Tinyade.
Dzina lake basi,
limene mwini wake sanalimvepo.

Tinadzuka kudakali mdima ku Rosettenville,
chisanu cha Juni chikutafuna zala.
Pamsewu ndi iye anaimitsa tekisi,
chala chimodzi m'mwamba: tauni.
Joni yense amalankhula ndi manja akafuna ulendo,
palibe amaseka.
Mwana wanga akatero tsiku lonse
amati ndi wosalankhula.

Pabenchi ya ku Bara tinapeza bambo Mofokeng,
amene jakisoni wa chifuwa chachikulu
anawachiritsa mapapo n'kuwalanda makutu.
Anagogoda kachitsulo kawo kuseri kwa khutu:
"Poyamba mkazi wanga ankamveka ngati wailesi
yosochera pakati pa masiteshoni.
Pano akandikalipira ndimamva liwu lililonse,
ndipo ndimamusiya apitirize."

Mayi Radebe anapatula tsitsi
pamene chipsera chinali chitapola,
kamaginito kanadumpha kokha, mata! pafupa.
Anadina pakompyuta.
Anandikodola ndi maso: lankhulani.

Ndinatsegula pakamwa.
Kukhonde wina anagwetsa thireyi.

Ndiye dziko linamulonjera choncho,
ndi masipuni.
Tinyade anakuwa, anadzimva akukuwa,
anakuwanso poopa kukuwako,
n'kuzula kachitsuloko ngati nkhupakupa.
Liwu langa linabwerera kukhosi.
Ndinapita nalo kunyumba, kudzera pa Bree,
mahutala onse a mzinda akulira
iye ali mtulo pamiyendo panga.

Kenaka masabata a milandu.
Anaimba mlandu firiji chifukwa chong'ung'udza usiku ndi usana.
Zipi ya jekete anaikoka kambirimbiri.
Mbalame zazitali milomo zija, zolalata m'mawa padenga,
anazitukwana ndi zala zonse khumi.
Tsiku lina anatuluka m'chimbudzi maso ali tong'o,
manja akundifunsa:
bwanji simunandiuze kuti madzi amakalipa?

Ine ntchito yanga ndi mabatire.
Ndimawerenga maola a magetsi monga ena amawerengera malipiro;
akathima madzulo mtima umakhala m'malere,
khutu la mawa lili pa soketi.
Chingwe chake chimodzi ndi malaya angati osita
m'nyumba za azungu ku Glenvista?
Ndinasiya kuwerenga.

Kukada amavula yekha,
amakaika m'kachitini koumitsira, n'kutseka.
Nkhope imamasuka ngati wavula nsapato yothina.
Amabwerera kwawo,
dziko limene anabadwira, kopanda mahutala,
kumene ine ndine mlendo wopanda mapepala
kachiwiri.
Ndimayesa chilankhulo chake. Zala zanga zili ndi chibwibwi.
Amandigwira dzanja, amandiwongola chala chapakati,
amaseka: iyayi, mwati nkhuku, osati mawa.

Kumudzi amafunsa pafoni: wachira?
Ndimati akukula.
Sindidziwa kuti ndiwauze bwanji
kuti sanali kudwala kwenikweni,
kuti tangomugulira khomo lachiwiri
ndipo kiyi ali nayo ndi iye.

Liwu lija ndinalimasula mosadziwa.
Linali Loweruka, mu Okutobala,
majakaranda atathira maluwa pamsewu wonse,
ine mapegi kukamwa, ndikuyanika zofunda za eni,
iye ali pamwamba pa mpanda, pafupi ndi waya wamagetsi.
Ndinalavula mapegi:
"Tinyade! Tsika apo msanga!"

Anacheuka.

Osati chifukwa cha mthunzi wanga,
osati chifukwa cha kugunda kwa phazi pansi.
Anali atandifulatira, ndipo anacheuka,
nkhope itakwinyika ngati munthu wosokonezedwa pantchito.

Zaka zinayi ndikusunga,
n'kudzagulira kukalipa.

Anatsika pang'onopang'ono, mokwiya.
Ine ndinakhala pansi, pabeseni lonyowa,
shiti ya eni ikukwekwereka m'fumbi,
ndipo sindinaitole.